Eni Linga la ku Tulum

Mzinda wa Cancún ndi mwana poyerekeza ndi ena mwa aphunzitsi athu pano. Mpaka chaka cha 1969 pamalopo padali mchenga, zithaphwi, udzudzu ndi minda ya kokonati yokhala ndi alonda owerengeka. Akatswiri a banki yaikulu ya dziko la Mexico ndiwo adakhala pansi ku likulu nayerekeza magombe a dziko lawo lonse, kufuna kumene dzuwa silisowa, kumene mchenga uli woyera, ndi kumene ndege yochokera ku America ingatere wokwera asanatope. Chala chawo chidagwera pa kachilumba kopyapyala kum'mawa kwa Yucatán. Ntchito yomanga idayamba mu 1970, mahotela oyamba natsegulidwa mu 1974, chaka chomwecho chimene dera la Quintana Roo lidasanduka chigawo chokhala ndi boma lakelake. Pa kalembera wa 2020 mzindawu udapezeka ndi anthu oposa 880,000, ndipo mu 2023 anthu amene adadutsa pa bwalo lake la ndege adaposa 30 miliyoni. Amalawi tonse titafola pa mzere, kuyambira khanda mpaka nkhalamba, sitingafike pa chiwerengero chimenecho.

Ine ndidakhala m'dera limeneli masabata awiri, ndipo za Cancún ndilibe zambiri zonena. Ndi mpanda wa mahotela wotalika makilomita oposa 20, nyanja mbali iyi, thamanda mbali inayo. Lamulo la Mexico limati gombe ndi la aliyense, koma kuti upeze kanjira kokafikira kumadzi pakati pa mipandayo uyenera kukhala mwana wa pompo. Amene adayesapo kukasamba ku Mangochi pakati pa makoteji akudziwa chimene ndikunena. Chimene ndidachisunga mu mtima ndi mabasi a m'mamawa. Alendo akadali m'tulo, mabasiwo ankatsitsa antchito pa zipata za kuseri: anthu aafupi, a mapewa otambalala, akulankhula chinenero chodukaduka pakhosi chimene ngakhale ine mlendo ndidamva kuti si Chisipanishi. Pamwamba pa mitu yawo, pa zikwangwani zowala, padalembedwa dzina la mtundu wawo. Hotela ndi ya Maya, malo odyera ndi a Maya, mankhwala odzola ndi a Maya, ndipo gombe lonse la kum'mwera amalonda adalipatsa dzina loti Riviera Maya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Sindidaonepo dzina la anthu likugulitsidwa chotere eni ake akulowera khomo la kuseri.

Tulum ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kum'mwera kwa Cancún. Ndidapitako pa kaminibasi kamene kumeneko amati colectivo, kothithikana ngati athu omwewa, kungoti kondakitala palibe, dalaivala amatolera yekha ndalama. Liwu loti tulum m'Chimaya ndi khoma kapena linga, ndipo lingalo likadalipo: khoma la miyala la mamita 400 m'litali kumbali ya kumtunda, msinkhu wake mamita 3 mpaka 5, lokhala ndi zipata 5 zopapatiza zoti mudutse mmodzimmodzi. Mbali yachinayi sadamangeko kanthu, poti kuli phompho la mamita 12 ndi nyanja pansi pake. Akuti dzina lakale la mudziwu lidali Zamá, ndiko kuti m'bandakucha, pakuti udayang'ana kotulukira dzuwa.

Nyumba zake ndi zazing'ono, makomo ake aafupi, makoma ena opendekera kunja. Odziwa za mamangidwe amauderera mudzi umenewu. Amati udamangidwa mochedwa, pakati pa zaka za m'ma 1200 ndi 1400, luso la makolo litayamba kuzilala. Mwina akunena zoona, koma iwowa akuyang'ana miyala, pamene womanga ankayang'ana nyanja. Ukaima pafupi ndi nyumba yaikulu imene Asipanishi adaitcha El Castillo, madzi ali pansipo, obiriwira mwa mitundu ingapo nthawi imodzi. Apa Chichewa chathu chimandithera, pakuti timati kubiriwira pa tsamba ndi pa thambo pomwe. Ndidatonthozedwa nditamva kuti Amaya akale nawonso adali ndi liwu limodzi, yax, lonenera zonse ziwiri. Abuluzi aakulu ngati ng'azi amaothera dzuwa pa makwerero amene anthu adaletsedwa kupondapo. Pamwamba pa makomo ena pali chosema cha mulungu wotsika chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba, amene ena amati ndi mulungu wa njuchi. Amaya mpaka lero amaweta njuchi zopanda mbola m'ming'oma ya mitengo yamphako, ndipo uchi udali umodzi mwa katundu wamkulu wa m'derali.

Pakuti Tulum lidali doko. Kutsogolo kwa gombe lonseli kuli mpanda wa matanthwe a pansi pa madzi, wotalika makilomita pafupifupi 1,000 mpaka ku Honduras, ndipo moyang'anizana ndi El Castillo mpandawo uli ndi mpata. Mabwato aakulu osemedwa ku mtengo umodzi ankalowera pamenepo nakocheza pa kagombe kakang'ono pansi pa phompho. Ankanyamula mchere, uchi, nsalu za thonje, nthanga za koko zimene zinkagwira ntchito ya ndalama, ndi mwala wakuda wonga galasi wochokera kumapiri a Guatemala umene ankapangira mipeni. Mu 1518 zombo za Juan de Grijalva zidadutsa kunja kwa matanthwewo, ndipo wansembe wawo Juan Díaz adalemba kuti adaona mudzi umene sukadachepa pamaso pa Seville. Sadatsike. Komabe zaka za m'ma 1500 zisanathe mudziwo udali bwinja, nthomba ndi matenda ena achilendo atamaliza ntchito imene lupanga lidali lisanayambe.

Wotitsogolera adali bambo wachikulire wa ku mudzi wina wa m'nkhalango, wodziwa Chimaya, Chisipanishi ndi Chingerezi cha pa ntchito. Tili mu mthunzi wa khoma, mayi wina wa m'gulu lathu, wachipewa chachikulu, adafunsa mwaulemu ndithu kuti kodi Amaya adazimiririka bwanji. Bamboyo sadakwiye. Adati, "Mayi, amene wakuphikirani mazira m'mawa uno ndi Mmaya, amene wayendetsa basi yanu ndi Mmaya. Ngati tidazimiririka, sadatiuze." Gulu lidaseka, iye naseka nawo, nkupitiriza kuloza miyala. Pambuyo pake, tikumwa madzi kunja kwa chipata, adandiuza kuti funso limenelo sabata siitha asanalimve. Ankanditcha maestro, nane ndidaphunzira kumutcha nojoch máak, munthu wamkulu, monga momwe ife timanenera kuti akuluakulu. Adandiphunzitsanso moni wawo: bix a beel, kodi njira yanu ili bwanji.

Funso la mayi uja lili ndi gwero lake. Ndi zoona kuti midzi ikuluikulu ya kum'mwera, monga Tikal ndi Palenque, idasiyidwa pakati pa zaka za m'ma 800 ndi 900, ndipo chilala, nkhondo ndi kuguga kwa nthaka zimatchulidwa ngati zifukwa. Koma mudzi ukasweka si ndiye kuti mtundu watha. Kalembera wa 2020 adapeza anthu oposa 770,000 olankhula Chimaya cha ku Yucatán chokha, osawerengera mamiliyoni olankhula zinenero za banja lomwelo ku Chiapas ndi ku Guatemala. Nkhani ya kuzimiririka imakoma kwa wogulitsa ulendo chifukwa bwinja lopanda mwini silifunsa lendi. Ndiponso si yatsopano. Azungu oyamba kulemba za mabwinja amenewa adafunafuna omanga ake ku Egypt ndi pakati pa mafuko otayika a Israel, mpaka wojambula wina adaika mitu ya njovu pa zosema za ku Palenque pofuna kuti zifanane ndi za kum'mawa. John Lloyd Stephens, amene adafika pa Tulum mu 1842 pamodzi ndi wojambula Frederick Catherwood, adalimbikira kunena kuti omanga adali makolo a anthu omwewo amene ankamulambulira tchire. Inu a mbiri yakale mwakumbukira kale za Great Zimbabwe, m'mene Carl Mauch mu 1871 adaiperekera kwa mfumukazi ya ku Sheba, ndi m'mene Gertrude Caton-Thompson adavutikira mu 1929 ponena chinthu choonekeratu.

Ife amene timasonkhana pano kuwerengerana zolemba tiyenera kudziwa tsiku limodzi: 12 July 1562. Pa tsikulo, m'mudzi wa Maní, wansembe Diego de Landa adasonkhanitsa mafano ndi mabuku a Amaya nawatentha pabwalo, atazunza anthu ambiri kuti aulule kumene adabisa. Mabukuwo adali a pepala la khungwa la mtengo wa mtundu wa mkuyu, losulidwa monga makolo athu ankasulira chiwondo, lopakidwa njereza ndi kupindidwa mobwerezabwereza. Landa mwini adalemba kuti chisoni cha eni ake chidamudabwitsa. Lero mabuku otere atsala 4 okha pa dziko lonse, atatu a iwo ali ku Dresden, ku Madrid ndi ku Paris, ndipo amatchedwa ndi maina a mizinda imeneyo. La ku Dresden lili ndi mawerengero a kayendedwe ka nthanda ndi a nthawi zimene kadamsana angachitike.

Tsono onani kupotoka kwa zinthu. Landa yemweyo adalemba buku lofotokoza miyambo ya ku Yucatán, ndipo m'menemo adaikamo chimene iye ankayesa alifabeti ya Chimaya. Ankatchula chilembo cha Chisipanishi, mlembi wa Chimaya nalemba chimene wamva. Atatchula chilembo chachiwiri, chimene Asipanishi amati be, mlembiyo adajambula phazi loponda pa msewu, pakuti be m'Chimaya ndi njira. Adali kulankhula zosiyana, wina akufuna zilembo, wina akupereka maphatikizo. Atamuuza kuti alembe chiganizo chilichonse, mlembiyo adalemba chonena kuti iye sakufuna, ndipo wansembeyo adachikopera m'buku lake mosazindikira kuti akumudandaulira. Padapita zaka pafupifupi 400 kuti wina amve chimene chidachitika m'chipindamo. Adali Yuri Knorozov wa ku Soviet Union, amene mu 1952, asanapondeko ku Mexico, adaonetsa kuti zizindikiro zambiri zimaimira maphatikizo. Lero zolemba za pa miyala zimawerengeka, maina a mafumu ndi masiku a nkhondo zawo. Mlembi wotopa uja ndimamuganizira kawirikawiri.

Kumpoto kwa Yucatán kulibe mitsinje. Nthaka yonse yakhala pa mwala wa laimu wobookabooka ngati chisa cha chiswe, kotero mvula ikagwa imalowa pansi nkumayenda mu mdima kupita kunyanja. Pamene denga la phanga lidagumuka pamaoneka chitsime chachilengedwe chimene Amaya amati ts'ono'ot, Asipanishi nkupotoza kuti cenote. Midzi yakale idamangidwa pa zitsime zimenezi, ndipo zina zidali malo operekera nsembe kwa Chaac, mwini mvula. Ndidalowa m'chimodzi pafupi ndi Tulum, cha anthu a m'mudzi amene amalandira okha ndalama pa chipata. Adatiuza tiyambe tasamba kuchotsa mafuta odzola. Madzi ake ndi ozizira, oyera mwakuti umaona chala chako cha kuphazi ngati palibe kanthu pakati, mizu ya mitengo ikulendewera kuchokera kudenga kudzamwa. Mu 2018 odumphira m'madzi adapeza polumikizira mapanga a Sac Actun ndi a Dos Ojos, ndipo njira zonse pamodzi zidakwana makilomita 347. M'dzenje lina la m'mapanga omwewa, lotchedwa Hoyo Negro, mu 2007 mudapezeka mafupa a mtsikana wa zaka 15 kapena 16 amene adafa zaka pafupifupi 13,000 zapitazo, mapangawo akadali ouma. Adamutcha Naia. Zikuoneka kuti adalowa kukafuna madzi, nagwera m'phompho mu mdima. Pafupi naye padali mafupa a nyama zonga njovu zimene zidatha kalekale.

Mwala umene umasefa madziwo ndi womwewo umene sungathe kubisa zoipa. Chilichonse chotayidwa pansi, za m'zimbudzi za mizinda yokula mothamanga ndi madzi a kudzala, chimatsikira mu mtsinje wa mu mdima uja nkukatulukira pa matanthwe a m'nyanja amene alendo adabwerera. Njanji ya Tren Maya, ya makilomita oposa 1,500, imene idayamba kunyamula anthu mu December 2023, idadutsa m'nkhalango pakati pa Cancún ndi Tulum itakhazikika pa mizati yokhomedwa kuboola madenga a mapanga. Boma lidati njanjiyo ibweretsa chuma ku zigawo zosauka za kum'mwera, ndipo anthu ambiri amene ndidacheza nawo ankaifuna. Sindikuwatsutsa pa kufuna kwawo. Koma zithunzi za mizati ya chitsulo itaima m'madzi a m'phanga ndidaziona, ndipo phanga silimera ngati mtengo. Kunyanja nako, kuyambira 2011 kumabwera ndere zofiirira zotchedwa sargassum, zimene zimaunjikana pa gombe nkuola ndi fungo la dzira lovunda. M'miyezi yake antchito amazikokola usiku ndi m'mamawa kuti mlendo apeze mchenga woyera umene adauona pa chithunzi.

Malo ena ndingowatchula. Ku Cobá, m'kati mwa nkhalango, kuli chulu cha miyala cha mamita 42 chotchedwa Nohoch Mul, ndipo kuchokera kumeneko msewu woyera wokwezedwa, sacbé, udawongoka makilomita 100 mpaka ku Yaxuná, womangidwa ndi anthu amene sadali ndi ngolo kapena bulu. Chilumba cha Cozumel, kumene akazi ankaolokera pa bwato kukapempha mwana kwa Ix Chel, lero chimalandira zombo zazitali kuposa matchalitchi ake. Sian Ka'an, dambo ndi nkhalango ya mahekitala 528,000 imene UNESCO idaiika m'kaundula wake mu 1987, ndi kumene ndidaona mbalame zambiri ndi anthu ochepa. Nyanja ya Bacalar ndi yokongola monga amanenera.

Kumene mabasi a alendo saima ndi ku Felipe Carrillo Puerto, makilomita pafupifupi 100 kum'mwera kwa Tulum. Ndi tauni wamba, ya msika, sukulu ndi njinga zamoto, koma kwa zaka 50 idali likulu la dziko la Amaya odzilamulira. Nkhondo idabuka mu July 1847, boma litapha mfumu Manuel Antonio Ay ku Valladolid. Zifukwa zake inu mukhoza kuzilota: minda yolandidwa kuti pabzalidwe nzimbe, msonkho, ndalama za ubatizo ndi ukwati, ngongole zomangirira munthu pa esiteti moyo wake wonse. Motsogozedwa ndi Cecilio Chi ndi Jacinto Pat, Amaya adalanda midzi yambiri, ndipo pofika pakati pa 1848 adali pafupi ndi Mérida, Azungu akumanga katundu kuti athawe. Kenaka ankhondowo adabwerera. Mwana wa mmodzi wa atsogoleri adadzasimba atakalamba kuti kudatuluka nyerere zamapiko, chizindikiro cha mvula yoyamba, ndipo anthu adati nthawi yobzala yakwana, nkhondo siidyetsa ana. Olemba mbiri amaonjezapo kutha kwa onga ndi chakudya, ndi mikangano ya atsogoleri, pakuti pofika kumapeto kwa 1849 Chi ndi Pat onse adali ataphedwa ndi anthu a mbali yawo yomwe. Zonsezo nzomveka. Koma aliyense amene adaonapo sukulu ya kumudzi ikutha ana tsiku limene ngumbi zatuluka sangaiseke nkhani ya nyerereyo.

Ogwidwa ena adagulitsidwa ku minda ya ku Cuba. Otsala adathawira m'nkhalango ya kum'mawa, ndipo mu 1850, pafupi ndi kachitsime kena, padapezeka mtanda umene unkalankhula nkuwalimbikitsa. Adani awo ankati pali munthu wodziwa kuponya mawu, koma pa mtanda umenewo padamangidwa mudzi wa Chan Santa Cruz, wokhala ndi asilikali ake ndi tchalitchi lake lalikulu limene likadaima pakati pa tauni. Mfuti ndi onga ankagula kwa amalonda a ku British Honduras, imene lero ndi Belize. Tulum nayenso adali ndi mtanda wake, ndipo cha m'ma 1871 wolamulira kumeneko adali mayi, María Uicab. Asilikali a Mexico, motsogozedwa ndi Ignacio Bravo, adalowa mu Chan Santa Cruz mu 1901 napeza mudzi wopanda anthu. Gombe lonse limene lero likugulitsidwa m'dzina la Amaya ndi lomwelo limene Mzungu sankayerekeza kupondapo. Ndidafunsa nojoch máak chifukwa chake sasimba zimenezi pa mabwinja. Adati, "Maestro, ali ndi ola limodzi, ndipo theka lake ndi la zithunzi." Ntchitoyo saida. Ndalama za alendo omwewo ndizo zidaphunzitsa mwana wake wamkazi mpaka ku yunivesite, chinthu chimene munda wa chimanga sukadachita.

Kachisi wa mtanda wolankhula akadalipo kumapeto kwa tauni, nyumba yaing'ono yofolera ndi masamba a kanjedza. Umavula nsapato ndi chipewa pakhomo. Mitanda ya m'katimo idavekedwa madiresi oyera opetedwa maluwa, ofanana ndi amene amayi a kumeneko amavala, ndipo amuna ochokera m'midzi amasinthana kulondera. Palibe wogulitsa tikiti. Ndidakhala pa benchi kanthawi, mlonda nandiyang'ana monga momwe ife tingayang'anire mlendo amene wafika pa dambwe mosaitanidwa koma wavula nsapato.

Madzulo ake ndidadya kwa mlongo wake wa nojoch máak. Moto udali pa mafuwa atatu. Kumunda kwawo chimanga, nyemba ndi maungu zimabzalidwa pamodzi, ndipo nditanena kuti amayi anga nawo amatero, onse adaseka, poti mbewu zitatu zonsezo zidachokera kwawo, chimanga chidafika kwathu kuno pa zombo za Apwitikizi. Ndidawafotokozera za nsima: kukonola, kuviika mphale, kusinja, kuthyakula. Amayiwo adamvetsera akuumba timikate tawo topyapyala m'manja nkumatiponya pa phale, kenaka adafunsa kuti laimu timathira nthawi yanji. Nditati sitithira, adaleka kuumba. Iwo amawiritsa chimanga m'madzi a njereza nkuchisiya usiku wonse chisanaperedwe. Kutero kumafewetsa gaga ndi kumasula chakudya china cha m'njere chimene thupi silingachipeze mwa njira ina, ndipo chikasowa munthu amadwala pelagra, nthenda yosupula khungu imene idagwira othawa nkhondo a ku Mozambique zikwizikwi m'misasa ya kwathu kuno mu 1990. Zombo zidanyamula mbewu, nzeru yake nkuisiya pa doko.

"Ndiye ana anu amakula bwanji, maestro?" adafunsa amayiwo. Ndidati timadyera ndiwo, usipa, nyemba, masamba otendera. Adapukusa mutu mosakhutira, nalowa m'nyumba, nkutuluka ndi kambulu ka laimu kokulunga m'pepala, nandiuza muyeso wake pa ndowa imodzi ya chimanga. Kambuluko kadafika nane kuno bwinobwino. Amayi anga atakaona adati njereza ndi ya pakhoma, ndipo ngati ndikufuna kuyesa ndiyambe ndalima changa.